NKHOSA YABWINO ISAGULITSIDWE KUSERI KWA KHOLA

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu ya Sharpevale, ndi inu nonse a m'chigwa cha Bwanje amene kalata ino idzakufikani m'manja, mwezi uno tifuna kukamba nanu za nkhosa. Tidziwa kuti ena adzati nkhosa ndi kanthu kochepa kosayenera kutayirapo pepala, popeza m'dziko muno n'zowerengeka. Kuchepa n'zochepadi. Kalembera wa zaulimi ndi ziweto amene Boma linachita mu 2006 ndi 2007 anapeza mbuzi zoposa 2.6 miliyoni, pamene nkhosa sizinafike ndi 80,000 zomwe. Koma chinthu chikakhala chosowa mtengo wake uyenera kukwera, ndipo ngati mwini nkhosa akali kulandira mtengo umene wogula watchula yekha, ndiye kuti cholakwa chili m'kagulitsidwe kathu. Chimenechi tingathe kuchikonza ife eni ake, osadikira munthu wochokera kwina.

Tiyambe ndi nkhani ya kutali kuti za kwathu zioneke bwino. Mu Ogasiti 2020, pa msika wa ziweto wa ku Lanark m'dziko la Scotland, mwana wa nkhosa wamphongo wa mtundu wa Texel, wa miyezi isanu ndi umodzi yokha, dzina lake Double Diamond, anagulidwa pa okushoni ndi maguinea 350,000. Akuluakulu amene anagwirapo ndalama zakale, kwacha isanabwere mu 1971, akumbukira kuti guinea ndi paundi imodzi ndi sheleni imodzi pamwamba pake. Motero mtengo wonse unali mapaundi 367,500. Alimi atatu ndiwo anasonkherana n'kuigula, ndipo pa nthawiyo panalibe nkhosa ina yodziwika imene inafikapo pa mtengo wotere.

Munthu akamva zimenezi amayamba waseka, nati ndalama zawazunguza mitu anthu amenewa. Komatu ogulawo sanali amisala. Nkhosa ija ikanaphedwa, nyama yake sikanaposa ya nkhosa ina iliyonse yonenepa. Iwo ankagula ana ndi adzukulu ake amene anali asanabadwe. Nkhosa yamphongo imodzi imakwera zazikazi 30 kapena kuposerapo pa nyengo imodzi, ndipo akatswiri amathanso kutenga mbewu yake n'kubereketsa nkhosa za m'makola akutali. Ubwino wa yamphongo imodzi umalowa m'khola lonse, ndipo kuipa kwake nakonso kumalowa chimodzimodzi.

Tsono funso n'lakuti, kodi munthu angakhulupirire bwanji ana amene sanabadwe mpaka kutulutsa chuma chotere? Yankho lake ndi buku. Oweta a mtundu uliwonse wa nkhosa kumeneko ali ndi bungwe lawo, ndipo bungwelo limasunga kaundula. Mwana wa nkhosa akabadwa amamuveka ndolo ya nambala kukhutu, nalemba tsiku lobadwa, bambo wake, mayi wake ndi khola lake. Oweta ambiri amalembanso kulemera kwake pamene akukula. Wogula asanaone nkhosa ndi maso amakhala atawerenga kale za makolo ake mpaka mibadwo ingapo, ndipo ngati mwini wanama, bungwe limamuchotsa, dzina lake n'kuipa kwa onse. Ichi ndicho chimene amatcha nkhosa ya mtundu weniweni: nkhosa imene mbiri yake inalembedwa, ndipo pali mboni zoivomereza.

Tsiku la malonda likafika, amayamba ndi chionetsero. Odziwa za ziweto amayang'ana nkhosa iliyonse m'kamwa, m'miyendo ndi m'ziwalo zoberekera, ndipo yolephera imabwezedwa isanalowe m'bwalo. Zotsalazo woweruza amaziimika pamzere, nazigwira pamsana ndi m'matako, nanena poyera kuti yoyamba ndi iyi, yachiwiri ndi iyi. Atatero, nkhosa zimalowa imodzi imodzi pakati pa anthu, woitanira mitengo nayamba kufuula, ogula napikisana maso a anthu onse akuona, kufikira atatsala mmodzi. Mwini nkhosa ali ndi ufulu wokana ngati mtengo sunafike pamene iye anaika. Palibe chachilendo m'zonsezi chimene ife sitingachimvetse. Pali buku loona, pali woweruza wosakondera, pali ogula ambiri pamalo amodzi. Mtengo umachokera m'zimenezi.

Tsopano tibwerere kwathu, tione mmene nkhosa imachokera m'khola mwathu. Nthawi zambiri imachoka mu Januwale kapena Febuluwale, pamene nkhokwe yapepuka, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kapena m'nyumba mwalowa matenda. Wamalonda amafika panjinga, naitanira mwini kuseri kwa khola, naikweza nkhosa ndi manja ngati kuti manja ake ndi sikelo, natchula mtengo. Mwiniyo alibe wina wopikisana naye wogulayo, sadziwa kulemera kwa chiweto chake, ndipo sangadikire mawa pakuti vuto lake ndi la lero. Sitikunena kuti amalonda onse ndi akuba. Nawonso afuna kudyetsa ana awo, ndipo wogula aliyense padziko amagula motsika akapeza mpata. Mpatawo ndife timaupereka, pogulitsa aliyense payekha, mobisa, ndiponso pa nthawi ya njala.

Koma pali chotayika china choposa ndalama, chimene ambiri sitichiona. Wamalonda akalowa m'khola amaloza yaikulu, yonenepa, yokula msanga, ndipo ife timavomera chifukwa ndiyo ya mtengo wabwinoko. M'kholamo mumatsala kamphongo kowonda, kochedwa kukula, ndipo kameneka ndiko kamakhala bambo wa ana a chaka chamawa. Tikachita zimenezi zaka khumi, timayamba kudandaula kuti nkhosa za masiku ano n'zazing'ono kusiyana ndi za makolo athu. Kodi mlimi wanzeru amakazinga chimanga chachikulu n'kusunga cha njenjete kuti chikhale mbewu? Palibe amachita zotero m'munda, koma m'khola timachita chaka ndi chaka. Anzathu a ku Lanark amasunga yabwino n'kupha zotsala. Ife timagulitsa yabwino kuti ikaphedwe n'kusunga zotsala.

Msika wa poyera si chinthu chachilendo m'Malawi. Akuluakulu akumbukira kuti m'maboma ambiri munali misika ya ng'ombe ya Boma, ya masiku oikika, kumene chiweto chinkakwera pasikelo ndipo a Cold Storage ankagula pamodzi ndi abutchala. Akumbukiranso madibi amene ng'ombe zinkasamba kawirikawiri. M'zaka za m'ma 1990, pamene Boma linachepetsa dzanja lake pa malonda, misika yambiri ndi madibi ambiri zinafooka, ndipo malo ake analowa wamalonda wa panjinga. Sitikulemba izi kuti tilire zakale. Tikukumbutsa chabe kuti sikelo ndi bwalo zinakhalapo kale pakati pathu, ndipo chimene chinachitika ndi ng'ombe chingachitikenso ndi nkhosa.

Ena mwa inu, titakamba za nkhosa za mtundu, maganizo athamangira kale kwa Dorper, nkhosa yoyera ya mutu wakuda. Ndi nkhosa yabwino ndithu. Inapangidwa ku South Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pokweretsa zazikazi za mtundu wa Blackhead Persian ndi zamphongo za mtundu wa Dorset Horn, ndipo dzina lake linatengedwa ku maina awiriwo. Bungwe la oweta ake linakhazikitsidwa mu 1950. Safunika kumetedwa pakuti ubweya wake umathothoka wokha, ndipo mwana wake akamadya bwino angapitirire makilogalamu 30 asanathe miyezi isanu. Kuno kwathu anabwera kale. M'zaka za m'ma 1980 ankamukweretsa ndi nkhosa zathu pa famu ya Lifidzi ku Salima, mothandizana ndi Boma la Germany. Koma tikuchenjezeni, abale: mutu wakuda si chikalata. Nkhosa zambiri za mitu yakuda zimene munthu angakugulitseni m'mbali mwa msewu zili ndi magazi a Dorper pang'ono chabe, ndipo wogulitsayo sangakuuzeni bambo wake kapena mayi wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale Dorper weniweni ali ndi zofuna zake, ndipo walira mvula walira matope. Anapangidwira dziko louma la Karoo, pamene chigwa chathu nthawi ya dzinja chimakhala chotentha, chonyowa, chodzala ndi nkhupakupa. M'madambo mwathu muli njoka za m'mimba zoyamwa magazi, muli chinyezi choolesa ziboda, ndipo nkhupakupa zimabweretsa matenda odzaza madzi pamtima amene amagwetsa chiweto chachilendo masiku ochepa. Nkhosa yathu ya mchira wa mafuta inazolowera zonsezi kwa mibadwo yambiri. Imakula pang'onopang'ono, inde, koma imapirira, ndipo chilimwe chikafika imadya makoko a msangu ndi mapesi n'kutulukamo yamoyo. Amene agula yamphongo ya mtengo wapatali alibe mankhwala, alibe khola louma, alibe madeya, akugula chikopa. Tisanyoze chathu. Magazi achilendo adzabwere pambuyo, mwa muyeso, alangizi a ziweto atatiunikira, ndipo adzapeze khola lokonzeka.

Nanga tichite chiyani? Ife tikupempha zinthu zinayi, ndipo palibe chimodzi mwa izo chofuna ngongole.

Choyamba ndi buku. Oweta nkhosa a m'mudzi uliwonse agule kope limodzi la chikuto cholimba, asankhe mlembi wokhulupirika, ndipo nkhosa iliyonse ikhale ndi tsamba lake ndi chizindikiro chake kukhutu. Alembe mwini wake, tsiku lobadwa, mayi ndi bambo, ngati inabadwa yokha kapena mapasa, matenda amene inadwala, ndi kulemera kwake pa miyezi itatu ndi pa miyezi isanu ndi umodzi. Sikelo yopachika pamtengo, yonga imene timayezera nandolo, ikwanira. Mwana wa nkhosa amalowa m'thumba n'kupachikidwa. Ana athu a sitandade 7 ndi 8 angathe kulemba zimenezi bwino lomwe, ndipo masamu awo adzapindula. Nkhosa imatenga bere miyezi isanu, motero pakutha kwa zaka zitatu bukulo lidzayamba kulankhula lokha: lidzationetsa mayi amene salephera kulera ana ake, ndi yamphongo imene ana ake amakula msanga. Mabuku onse a ku Scotland ndi ku South Africa anayamba ndi tsamba loyamba lopanda kanthu.

Chachiwiri ndi yamphongo. Yabwino koposa m'mudzi isagulitsidwe kwa wakupha, ngakhale atawonjezera ndalama. Zamphongo zotsala zithenedwe zikali zazing'ono, zinenepe, ndizo zipite kumsika. Ngati mwini wa yabwinoyo wapanikizika, gulu liigule kapena limubwereke ndalama. Mwiniyonso ayenera kupindula nayo. Mlimi wina wa ku England, Robert Bakewell, amene anamwalira mu 1795 ndipo amatchedwa tate wa kusankha ziweto, sankakonda kugulitsa zamphongo zake zabwino. Ankazibwereketsa kwa anzake pa nyengo imodzi, iwo nalipira, iye naona ana amene zabereka m'makola osiyanasiyana. Ifenso tingachite motero. Koma yamphongo isakhalitse m'khola limodzi kufikira kukwera ana ake omwe, pakuti chibale chikachuluka m'khola ana amabadwa ofooka. Isanathe zaka ziwiri, a ku Sharpevale asinthane ndi a ku Kasinje kapena a ku Bilila, buku lake litsagane nayo.

Chachitatu ndi chionetsero, kamodzi pachaka, tikatha kukolola. Woweruza achokere kwina, asakhale ndi mbale wake pamzere, ndipo anene zifukwa zake mokweza kuti onse aphunzire. Pa tsiku lotere ngakhale mwana adzaphunzira kuwerenga zaka za nkhosa m'kamwa. Nkhosa ili ndi mano akutsogolo asanu ndi atatu m'munsi mokha. Ikakhala ndi awiri aakulu pakati ndiye kuti yatha chaka kapena chaka ndi theka. Anayi ndi ya zaka pafupifupi ziwiri. Asanu ndi limodzi, zitatu. Onse akakhala aakulu yafika zinayi, ndipo akayamba kuguluka yakalamba. Adzaphunziranso kutsitsa chikope cha m'munsi: chikakhala chofiira magazi alimo, chikayera ndiye kuti njoka za m'mimba zaidya. Ayang'ane ziboda, ayang'ane ngati miyendo ili yoongoka, msana ngati uli wotambalala, bere la yaikazi ngati lili labwino mbali zonse ziwiri. Munthu wodziwa izi sanamizidwa pogula, ndipo sanyengedwa pogulitsa. Safunsa anadya phula.

Chachinayi ndi tsiku la malonda, lotsatana ndi chionetserocho. Malo athu ndi abwino kuposa a ambiri. Tili pa msewu wa M5 pakati pa Balaka ndi Salima, ndipo wochokera ku Ntcheu, ku Golomoti kapena ku Mangochi angafike n'kubwerera tsiku lomwelo. Tsikulo lilengezedwe mwezi wathunthu lisanafike, m'misika, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa mafoni, kuti abutchala ndi oweta anzathu abwere ambiri. Tikumbukirenso abale athu Achisilamu, amene pa Idi ya nsembe amafuna nkhosa kapena mbuzi yopanda chilema, yosatsimphina, yosawonda. Tsiku la Idi limabwerera m'mbuyo masiku 11 kapena pafupi pamenepo chaka chilichonse, choncho tiwafunse msanga kuti tinenepetse ziweto pa nthawi yake. Pabwalopo zogulitsa zikhale m'magulu awiri, zakupha pazokha, zoweta pazokha, ndipo yoweta isanayambe kuitanidwa mlembi awerenge tsamba lake mokweza.

Tikumva kale mau a ena akuti, "Inu a Mlembi, okushoni tinaiona pa fodya." Mau amenewa ndi oona, ndipo sitiwapeputsa. Fodya wakhala akugulitsidwa pa okushoni ku Limbe kuyambira mu 1938, koma alimi sanaleke kudandaula za mitengo yotsika ndi mabelo obwezedwa. Ogula akakhala ochepa angathe kupangana kunja kwa bwalo kuti asakwezerane. Koma taonani kusiyana kwake. Mlimi wa fodya amakhala atalipira galimoto, belo lake lili kutali ndi kwawo, ndipo sangalidye. Mwini nkhosa ali pafupi ndi khola lake, chingwe chili m'manja mwake. Auze komiti mtengo umene sangatsikepo malonda asanayambe, ndipo ukapanda kufika abwerere nayo kwawo. Nkhosa siola podikira mwezi wina. Ichi ndicho chifukwa tikunenetsa kuti malonda achitike nkhokwe zili zodzala. Munthu wokhuta ndiye angathe kunena kuti toto.

Malonda a poyera ali ndi ubwino winanso. Aliyense wobweretsa chiweto akhale ndi kalata ya a nyakwawa yotsimikiza kuti n'chake, ndipo wogula wopita nacho kutali atenge chilolezo kwa a zaziweto monga lamulo linena. Pamenepo wakuba adzasowa pogulitsira, ndipo matenda sadzayenda ndi malonda athu. Ndalama ilipidwe pamaso pa komiti chiweto chisanachoke, ndipo iperekedwe m'manja mwa amene dzina lake lili m'buku. Tikunena izi chifukwa m'midzi yathu ziweto zazing'ono zambiri n'za amayi. Iwo ndiwo amasesa khola, natuma ana kubusa, koma kawirikawiri amangomva kuti nkhosa yapita, ndalama osaiona. Amayi akhalemo m'komiti, ndipo alankhule.

Sitikukulonjezani maguinea a ku Lanark, ndipo amene angakulonjezeni zotere mumuthawe. Chimene tikuona n'chakuti pakapita zaka zochepa, munthu wa ku Balaka kapena ku Dedza wofuna yamphongo yabwino adzauzidwa kuti apite ku Bwanje, kumene nkhosa zili ndi buku ndipo buku lake silinama. Dzina lotere silimangidwa chaka chimodzi, ndipo mlembi mmodzi wolemba bodza kuti akondweretse mlamu wake angaligwetse tsiku limodzi. Motero posankha alembi musayang'ane chibale.

Pa msonkhano wa nthambi ukubwerawu, mudzi uliwonse ubwere ndi chiwerengero cha nkhosa zake, zamphongo pazokha ndi zazikazi pazokha, ndiponso dzina la munthu amene mwamusankha kusunga buku. Tikupempha mafumu athu kuti atipatse malo a bwalo, ndi alangizi a ziweto kuti adzakhale nafe. Kufikira tsiku limenelo, wamalonda akafika pakhomo n'kuloza yamphongo yanu yabwino, mulozereni ina.

Mlembi wa Nthambi,
Sharpevale.